Kuona Zomba ndi ndalama zochepa: ndemanga ya wotiperekeza kuphiri

Nyenyezi 4 mwa 5.

Amene mukufuna kuona Zomba koma m'thumba muli mopereweramo, musataye ndalama kuchita hayala galimoto yokwera nayo phiri. Pezani mmodzi wa anyamata operekeza alendo, mugwirizane mtengo musananyamuke, muyende wapansi. Ine ndi mlamu wanga tinatero titabwera pa minibasi kuchokera ku Limbe, ndipo kupatula pogona, ndalama yooneka imene inatuluka inali ya achimwene otiperekezawo basi.

Anatidzutsa m'mamawa n'kutikweza njira yachidule yotchedwa Potato Path, yoyambira m'tauni. Chitunda chake si chamasewera. Inu muli wefuwefu ndi kabotolo ka madzi kokha, amayi akutsika liwiro atasenza mitolo ya nkhuni, n'kukupatsaninso moni. Achimwenewo sanatithamangitse ayi. Akaona kuti mlamu watsalira, ankaima dala n'kuyamba kutifotokozera za mtengo wina uliwonse umene uli pafupi, mpaka munthu mpweya ubwerere. Ulemu umenewu wokha ndi umene wandilembetsa ndemangayi.

Pamwamba anationetsa damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi amene anthu a mumzinda amamwa, kenaka mathithi a Williams. Tinakathera pa Emperor's View, malo amene anatchedwa choncho chifukwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inafikapo, n'chifukwa chake a Rasta amapalemekeza kwambiri. Pamenepo nyanja ya Chilwa imaoneka, phiri la Mulanje lili poteropo. Titawapempha kuti tikaonenso dzenje la Chingwe anatiuza mosabisa: “Achimwene, n'kutali, wapansi lero sitingathe, kungatidere m'nkhalango.” Wina akanangovomera kuti awonjezere mtengo.

Kamba tinagula dzulo lake mumsika wa Zomba: nthochi, mtedza wokazinga ndi zitumbuwa. Mukati mukadye kuhotela ya pamwambapo bajeti yonse yathera pa mbale imodzi. Masitirobere ndi magalagadeya amene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wotsika ndi okoma, koma nenererani, mtengo woyamba ndi wa azungu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Pobwerera anatipatutsira kwa mnzawo wogulitsa miyala yonyezimira, ndipo tinakhalitsapo, mwala uliwonse akutigwiritsa m'manja, mpaka kukana kunayamba kuchititsa manyazi. Chachiwiri, phiri amalidziwa bwino, koma za tauni ayi. Tsiku lotsatira tinawatenganso kuti atizungulitse nyumba zakale, ndipo yankho linali limodzi paliponse: “Izi zinali za atsamunda.” Zoona, koma Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana konkuno mpaka 1994. Munthu wolandira ndalama za alendo ayenera kudziwa zimenezi, n'kuloza kuti Nyumba ya Malamulo yakale ndi iyo.

Ndiye m'tauni musalipire wokuperekezani, yendani nokha. Chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda, kufupi ndi Cobbe Barracks mukamalowa kuchokera ku Blantyre, mumachiona ulere. Werengani maina alembedwapo, ena mwina ndi a kwanu. Foni ikhale m'thumba mukayandikira kumalo a asilikali ndi ku State House. Munda wa zomera wa Botanical Gardens amalipiritsa pang'ono pachipata, ndipo mutha kukhala pa mthunzi m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi masana onse. Miyendo ikakana, kabaza alipo paliponse.

Mu Juni ndi Julayi tengani juzi, pamwamba pamazizira koopsa, ndipo chifunga chikatsika pa Emperor's View simuona kanthu. Funsani wokuperekezaniyo za nyengo musanamupatse ndalama ya chikole.