Mtsuko wa dothi ndinagula ku Soweto, ndawuyesa ndithu

Abale, Okutobala wa mu Lusaka mukumudziwa, ndiye kuphatikiza malaiti kupita maola ambirimbiri madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba ndi chilala cha 2024 chija, filiji yanga inangokhala ngati kabati. Ndinakagula mtsuko wa dothi ku Soweto Market kwa amayi ena achikulire ndipo ndakhala nawo nthawi yotentha ndi yamvula yomwe, ndiye ndati ndikuuzeniko.

Madzi amazizira zoona. Osati ngati a mu filiji opweteka mano ayi, koma ukachokera mu tauni fumbi lili kukhosi kapu imodzi mtima umakhala pansi, komanso kafungo ka dothi kaja kamandikumbutsa kwa agogo ku Katete.

Ine maso anali pa wina wopaka penti wonyezimira, amayiwo akuti "mwanangu siyani uwo ndi wa maluwa, tengani uwu wotuluka thukuta." Ananena zoona. Dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka, madzi amadutsamo pang'onopang'ono kufika kunja ndiye mtsuko umakhala wonyowa, akamauma ndi mphepo amatenga kutentha kuchokera mu mtsuko momwemo, otsala mkati ndi kuzizira. Penti imatseka timabowo tija basi nkhani yathera pomwepo. Ndi chimodzimodzi thukuta pathupi, kapena sipiriti akakupaka pa mkono usanabayidwe jakisoni, imazizira msanga chifukwa imauma mwachangu kuposa madzi. Ambiri timaganiza madzi amasanduka nthunzi pokhapokha awire pa madigiri 100, ayi, ngakhale ozizira amathawa pang'onopang'ono, si zovala zimauma pachingwe popanda moto? Ndipo kuti lita imodzi iume yonse pamafunika kutentha koposa kasanu kuyerekeza ndi kuitenthetsa mpaka iwire, ndi chifukwa chake kathukuta kochepa kaja kamagwira ntchito yaikulu chonchi.

Malo ake muziusankhira. Ndinayamba ndauika pakona kukhitchini kopanda mphepo, sunachite bwino, nditausunthira pamthunzi pafupi ndi windo ndikuufunditsa kasaka konyowa ndiye unayamba kundisangalatsa.

Zovuta zilipo. Madzi amachepa okha ngakhale musanamwe, ndipo pansi pamanyowa ikani mbale. Mvula itayamba mu Disembala kuzizira kunachepa kwambiri chifukwa mpweya umakhala kale ndi chinyezi, madzi sauma msanga. Mtsuko uwu mphamvu zake ndi nthawi youma, Ogasiti mpaka mvula igwe.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi ichi, mtsuko supha majeremusi. Kolera tinaiona mu Lusaka muno kumayambiriro kwa 2024, ndiye ine ndimawiritsa kaye kapena kuthira klorini, ndimavundikira, ndipo chikho chotungira ndi chimodzi ana saloledwa kumwera. Loweruka ndikubwerera kwa amayi aja kukatenga wachiwiri wa alamu anga a ku Chawama, andipempha kawiri.