Miyezi yapita tikutumiziratu manifesti pa intaneti: thiraki siichedwanso pa boda, koma mu ofesi mulibe kugona

Kampani yathu itangoyamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yolipira yotumizira manifesti a mathiraki (chikalata chofotokoza katundu, galimoto ndi dalaivala) kwa a kasitomu, oyang'anira katundu wolowa pa boda, a ku America ndi ku Canada, ndinaiyamikira pa zinthu ziwiri. Imasunga zonse zokhudza madalaivala ndi magalimoto kuti munthu usamazilembe mobwerezabwereza, ndiponso mbali zonse ziwiri za boda zimaoneka pamalo amodzi. Tsopano tayenda nayo m'nyengo yotentha mpaka m'nyengo yachisanu, ndipo ziwirizo ndikuziyamikirabe. Koma ndazindikira kuti phindu lake lalikulu silili pamenepo, komanso pali mavuto ena amene pulogalamu iliyonse singawathetse ngakhale itakhala yabwino chotani.

Kwa inu amene simunagwirepo ntchitoyi, nkhani yake ili motere. Kale dalaivala ankafika pa boda ndi mapepala m'manja, ofesala n'kuyamba kuwerenga thiraki itaima pamaso pake. Lero a kasitomu amafuna kudziwiratu chimene chikubwera. Ku America lamulo la Trade Act la 2002 ndi limene linatsegula njira, ndipo mu 2007 manifesti a pakompyuta, odzera mu dongosolo la ACE, anayamba kukakamizidwa pa maboda a pamtunda, chigawo ndi chigawo. Ku Canada dongosolo lake ndi ACI eManifest, ndipo kwa a mathiraki linakhala lokakamiza mu 2015, zindapusa za ndalama n'kuyamba mu Januwale 2016. Mbali zonse ziwiri zimafuna kuti uthenga ufike kutatsala ola limodzi kuti thiraki ifike pa boda. Ku America, katundu wa m'dongosolo la FAST, la makampani ndi madalaivala ovomerezedwa kale kuti aziwoloka msanga, amamulola mphindi 30. Ola limodzili si la mayiko awiriwa okha ayi: ndi muyeso umene bungwe la World Customs Organization linaika pa katundu wa pamsewu mu ndondomeko yake ya SAFE, ndipo mayiko a European Union nawo anafikitsa dongosolo lawo la ICS2 pa mathiraki mu 2025.

Chimene ndimatsegulira pulogalamuyi kangapo pa ola si kulemba manifesti. Kulembako kumatenga mphindi zochepa ukazolowera. Ndimaitsegulira mauthenga obwerera kuchokera kwa a kasitomu. Pa katundu aliyense pamakhala ntchito ziwiri zochitidwa ndi anthu osiyana: ife onyamula timatumiza manifesti, ejenti wa mwini katundu amatumiza zokiliyara, zikalata zopempha kuti katunduyo aloledwe kulowa m'dziko. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi nambala imodzi, PAPS popita ku America, PARS popita ku Canada, ndipo nambalayo imayamba ndi khodi ya kampani yonyamula. Ejenti akaphonya chilembo chimodzi, kapena akachedwa kutumiza, manifesti athu amalandiridwa bwinobwino koma katunduyo amakhala alibe zokiliyara. Thiraki yotere ikafika pawindo la ofesala amaipatutsa, dalaivala n'kukaimika pambali kudikira kuti za mu ofesi zikonzedwe, maola ake oyendetsa akutha.

Apa ndi pamene pulogalamuyi yabweza ndalama zake. Imaonetsa msanga ngati zokiliyara za ejenti zalumikizana ndi manifesti, ndipo imatumiza uthenga womwewo pa foni ya dalaivala. Lamulo lathu mu ofesi tsopano ndi limodzi: uthenga umenewo usanafike, thiraki siiyandikira mlatho wa pa boda. Ndi bwino dalaivala adikire pamalo oimikapo mathiraki, pamene angapume ndi kusamba, kusiyana n'kukadikira m'bwalo la a kasitomu. Madalaivala akuluakulu poyamba sankagwirizana nazo. Mmodzi wa iwo, amene wayenda njira zimenezi zaka zambiri kuposa ine, anandifunsa kuti, "Ndiye kompyuta ndi imene izindiuza nthawi yonyamuka?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, nthawi yonyamuka ndi yanu, ine ndikungofuna kuti mukafika pawindo musakatsike m'galimoto." Masiku ano ndi iwowo amene amandiimbira uthenga ukachedwa.

Komatu ola limodzi lija lili ndi mtengo wake, ndipo ogulitsa mapulogalamu satchula. Ukanyamula katundu kutali ndi boda, ola limodzi si kanthu, umatumiza thiraki ili m'njira. Koma mafakitale ambiri a ku Windsor, ku Canada, ali pafupi kwambiri ndi mlatho wa Ambassador wolowera ku Detroit, ku America. Wotumiza katundu akakupatsa invoisi pamene zitseko za thilela zikutsekedwa, ola lija limayamba kuwerengedwa thiraki itadzaza kale, ndiye imangokhala. Zakudya ndiye zimaposa apo, chifukwa bungwe la FDA, loona za zakudya ku America, limafuna chidziwitso chake kutatsala maola awiri pa katundu wa pamsewu. Njira yothetsera vutoli siili mu kompyuta. Ndi kuimbira makasitomala n'kuwapempha kuti mapepala abwere katundu asanayambe kupakiridwa. Ena anamvetsa msanga, ena mpaka pano timakumbutsana sabata ndi sabata.

Mapepala akabwera, vuto lachiwiri ndi zimene zalembedwamo. A kasitomu safuna mawu osamveka monga "katundu wosiyanasiyana" kapena "zipangizo". Amafuna kudziwa kuti ndi zipangizo za chiyani, zachitsulo kapena zapulasitiki. Pa chiwerengero, lamulo la ku America limanena kuti uwerenge zolongedzera zing'onozing'ono zakunja, osati mapaleti, matabwa osanjikirapo katundu. Mapaleti 10 onyamula makatoni 200 amalembedwa kuti makatoni 200. Otumiza katundu ambiri amangolemba mapaleti pa pepala lawo. Pulogalamu yathu siitsutsa zimenezi. Ukalemba 10 imalandira 10, mwakachetechete. Ndinkayembekezera kuti pofika pano opanga ake akhala ataikamo chenjezo ngakhale laling'ono, poti ndi cholakwa chodziwika kwa aliyense wa mu ntchitoyi, ndipo chindapusa cha ku America pa manifesti olakwika kapena osatumizidwa chimatha kufika madola 5,000 koyamba ndi 10,000 ukabwereza. Chenjezolo palibe. Diso la munthu ndi limene likugwirabe ntchito imeneyi.

Pa kusintha zinthu ulendo uli mkati, yachita bwino kuposa momwe ndinkaganizira. Thiraki imawonongeka, ina n'kutenga thilela yake. Dalaivala amadwala, mnzake n'kulowa m'malo. Nthawi ya chisanu msewu umatsekedwa, ulendo wa ku Detroit n'kukhotera ku Port Huron kudzera pa mlatho wa Blue Water, ndipo khodi ya boda iyenera kusintha kuchoka pa 3801 kupita pa 3802. Zonsezi zimakonzeka msanga, yankho la a kasitomu n'kubwera ukadali pampando. Chokha choti musaiwale n'chakuti ejenti naye ayenera kuuzidwa za boda latsopanolo, pakuti pulogalamu siimuuza. Imatitetezanso pa manambala obwereza. Ku Canada nambala ya katundu siigwiritsidwanso ntchito mpaka patapita zaka zitatu, ndipo pulogalamu imakana yokha ukailemba kachiwiri. Imakumbutsanso pasipoti kapena layisensi ya dalaivala ikatsala pang'ono kutha, chimene chili chofunika chifukwa manifesti a ku America amafuna zambiri za woyendetsa ndi aliyense amene wakwera naye.

Amene amaganiza kuti mapepala atha, sanathe. Polowa ku Canada dalaivala amaperekabe pepala lotsogolera lokhala ndi barcode, timizere towerengedwa ndi makina, kuti ofesala atsegule nalo ulendowo pa kompyuta yake. Dalaivala amene ali kutali ndi makina osindikizira amavutika, ndiye tinagula timakina tating'ono tosindikizira ta m'galimoto, ndalama imene sitinaiwerengere poyamba. Mafomu apepala nawo timasungabe m'thiraki iliyonse, monga fomu 7533 ya ku America, podziwa kuti makina amaima.

Ndipo aimapodi. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika usiku zimaonetsa mtundu wa kampani imene unagulako pulogalamu. Masana thandizo lawo ndi labwino, amayankha foni anthu odziwa za kasitomu, osati ongowerenga mayankho olembedwa kale. Usiku ndi kumapeto kwa sabata zimasiyana. Tsiku lina manifesti anangokhala osayankhidwa kwa nthawi yaitali, mathiraki ali chiimire, ndipo panalibe wotiuza ngati vuto linali kwa iwo kapena kwa a kasitomu. Kampani yogulitsa chida chogwira ntchito usana ndi usiku iyenera kukhala ndi wochenjeza makasitomala ake usana ndi usiku. Pa ichi sindinakhutire, ndipo ndinawalembera.

Funso limene anzanga a m'makampani ang'onoang'ono amandifunsa ndi lakuti, bwanji kulipira pamene maboma onse awiri ali ndi masamba aulere otumizirapo manifesti? N'zoona, ACE ili ndi tsamba lake, a CBSA, oyang'anira maboda a ku Canada, ali ndi lawo, ndipo onse amagwira ntchito. Ngati muli ndi thiraki imodzi kapena ziwiri zowoloka mwa apo ndi apo, yambani ndi aulerewo, mudzaphunzirapo zambiri za mmene dongosololi limayendera. Koma maulendo akachuluka, makamaka ngati thilela imodzi imanyamula katundu wa anthu ambiri, aliyense ndi ejenti wake ndi nambala yake, kulowa masamba awiri osiyana n'kumalondola yekhayekha amene wakiliyara ndi amene sanakiliyare kumadya tsiku lonse la munthu. Pamenepo yolipira imatuluka yotchipa.

Ife tasainanso kuti tipitirize nayo chaka china. Musanasaine inu, apempheni akuonetseni mmene uthenga wa zokiliyara umafikira pa foni ya dalaivala, muwaimbire foni usiku muone ngati wina ayankha, ndipo muwafunse ngati mungatulutse mndandanda wa madalaivala, magalimoto ndi maulendo anu akale tsiku limene mudzafune kuchoka. Komanso musagule musanapeze munthu mu ofesi amene azikhala maso pa nthawi imene mathiraki anu amawoloka, chifukwa ambiri mwa athu amawoloka m'bandakucha.