Makina ochekera matabwa a DeWalt DWE7492: zimene ndaona patatha chaka ali mu shopu yanga

Kwa zaka zambiri shopu yanga ya ukalipentala inkadalira makina ochekera matabwa opangidwa pamanja, monga amene mungawapeze kwa amisiri ambiri ku Mchesi kapena ku Ndirande. Panali mota yakale yomangirira kunsi kwa tebulo lathabwa, lamba woizunguliritsa, ndi sowo yozungulira yotulukira pamwamba popanda chotchinga chilichonse. Makinawo anandidyetsa pamodzi ndi banja langa, ndipo sindiwanyoza, koma chimene chinachitika tsiku lina masana chinandichititsa kuwasiya.

Tinkang'amba matabwa a malaina opangira mafelemu a zitseko pamene magetsi anazima sowo ili mkati mwa thabwa. Palibe amene anakumbukira kuzimitsa swichi, ndipo tonse tinatembenukira ku ntchito zamanja. Patapita ola limodzi, mnyamata wophunzira ntchito akusesa utuchi patebulopo ndi chikhatho, magetsi anabwera ndipo mota inadzuka yokha. Thabwa limene linatsalira pa sowo linaponyedwa kumbuyo n'kukabowola lata la kukhoma, ndipo dzanja la mnyamatayo linali pafupi ndi mano a sowo mwakuti utuchi unamuwazikira m'manja. Sanavulale, koma ine usiku umenewo sindinagone, chifukwa mwanayo makolo ake anandipatsa ali ndi zala khumi.

Nditayamba kufunafuna makina ena, ndinayerekeza atatu amene amapezeka mosavuta ku South Africa, komwe ambiri a ife timaitanitsa zida: Makita MLT100, Bosch GTS 10 XC ndi DeWalt DWE7492. Onse atatu ndi makina onyamulika a magetsi a m'nyumba, ndipo onse amabwera ndi zotetezera zofunika. A Makita ali ndi mota ya mawati 1500 ndi sowo ya mamilimita 260, a Bosch mawati 2100 ndi sowo ya mamilimita 254, pamene a DeWalt ali ndi mawati 2000 ndi sowo ya mamilimita 250. Amisiri anzanga ankandiuza kuti ndingotenga a mawati ambiri, koma kusiyana kwa mphamvu pa makina atatuwa si kumene kumasintha ntchito. Chimene chinandikokera kwa a DeWalt ndi fensi yake, mpanda umene thabwa limatsamira likamachekedwa, ndipo ndifotokoza chifukwa chake pambuyo pa zinthu ziwiri zokhudza moyo wa munthu.

Choyamba ndi swichi. Makinawa ali ndi swichi imene imadzimasula yokha magetsi akazima, kotero kuti akabweranso mota siidzuka mpaka munthu atadina batani loyatsira. M'mayiko amene magetsi sazimazima, wogula sangaione nkhani imeneyi kukhala yaikulu, koma kwathu kuno ndi chinthu choyamba kufunsa musanatulutse ndalama. Kuyesa kwake n'kosavuta: yatsani makina, zulani pulagi kukhoma, dikirani sowo iime, kenaka bwezerani pulagiyo. Makina amene adzuka okha musawalowetse mu shopu mmene muli ana ophunzira ntchito. Ndinayesa zimenezi tsiku loyamba anyamata onse akuonerera, ndipo sowo inakhala chete.

Chachiwiri ndi kachitsulo kopindika koima kumbuyo kwa sowo, kamene pa Chingerezi amakatcha riving knife. Ambiri amaganiza kuti ngozi ya makinawa ndi kudulidwa chala basi, koma ngozi zambiri zimayamba ndi thabwa lobwezedwa. Mano a kutsogolo kwa sowo amatsika n'kumapanikizira thabwa patebulo, pamene mano a kumbuyo amakwera. Thabwa likakhala losauma bwino, monga mmene paini wa ku Chikangawa amafikira nthawi zambiri, kapena likakhala la bulugamu limene limapindika likamang'ambidwa, mpata wochekedwa umatsekeka n'kutsina mano a kumbuyowo, ndipo manowo amalinyamula n'kuliponya kwa wocheka. Sowo ya mamilimita 250 yozungulira maulendo 4800 pa mphindi imayendetsa mano ake pa liwiro lopitirira makilomita 200 pa ola, choncho palibe munthu amene angalewe. Choopsa kwambiri n'chakuti dzanja limene linkakankha thabwalo limatsala likupitabe kutsogolo, kumene kuli mano. Kachitsulo kaja kamakhala mumpata wochekedwa kuti usatsekeke, ndipo pa makina a DeWalt kamakwera, kutsika ndi kupendekeka limodzi ndi sowo, motero kamakhala pafupi ndi mano nthawi zonse. Mpata wa pakati pake ndi mano usapitirire mamilimita 8, ndipo pogula sowo yatsopano muonetsetse kuti mano ake akucheka njira yokulirapo pang'ono kuposa kunenepa kwa kachitsuloko, apo ayi thabwa lidzakakamira panjira. M'chaka chonsechi ndang'amba mlombwa, mbawa ndi malaina ambiri, ndipo ndamvapo kangapo thabwa likutsina kachitsuloko, koma silinabwerepo kudzandimenya.

Fensi ndi mpanda wachitsulo umene thabwa limatsamira likamachekedwa. Pa makina akale ndinkakhomera thabwa lowongoka patebulo ndi makilampu awiri, n'kumayeza ndi tepi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ndikalakwitsa pang'ono fensi inkapanikizira thabwa ku mano a kumbuyo. Fensi ya DWE7492 imagwira kutsogolo ndi kumbuyo kwa tebulo, ndipo imayenda pa njanji za mano mukamapotokola kachogwirira kamodzi, kotero mbali zonse ziwiri zimasuntha mofanana. Mukaikonza bwino tsiku loyamba kuti ilingane ndi sowo, imakhala choncho kwa nthawi yaitali, ngakhale kuti ine ndimaiyezabe Lolemba lililonse. Imafika mamilimita 825 kudzanja lamanja la sowo, kutanthauza kuti bolodi ya mamilimita 1220 m'lifupi mutha kuigawa pakati popanda vuto. Pa ntchito ya makabati ndi mawadiropu, pamene zidutswa khumi ziyenera kufanana ndendende, fensi imeneyi yandichepetsera ntchito ya pulena kwambiri, ndipo matabwa otayika achepa.

Chotchinga cha pamwamba pa sowo ndi chapulasitiki yoonekera, ndipo pali kamtengo kokankhira thabwa kamene kali ndi malo ake osungira pa makinawo. Ndikudziwa kuti amisiri ambiri amachotsa chotchinga tsiku loyamba ponena kuti chimabisa mzere, koma amene akucheka motsamira fensi safunika kuona mzere. Mu shopu yanga chimachoka pokhapokha tikudula ngalande yosabowola thabwa, ndipo chimabwezeredwa ntchitoyo ikangotha. Mamilimita 300 omalizira a thabwa lililonse timakankha ndi kamtengo, osati ndi zala.

Makinawa ali ndi malire ake, ndipo wogula ayenera kuwadziwa. Anapangidwa kuti azinyamulidwa kupita kumalo omanga, n'chifukwa chake amalemera makilogalamu pafupifupi 27 okha, ndipo tebulo lake ndi la aluminiyamu komanso laling'ono. Ndinawakhomera pa benchi yolimba n'kupanga tebulo lina kumbuyo lolandirira thabwa, chifukwa thabwa lalitali likamagwera pansi limakoka wocheka kuti aweramire pa sowo. Mota yake ndi ya mtundu wa mabulashi, wofanana ndi wa gilayinda, choncho imasokosera ndipo pamafunika zotseka m'makutu. Imacheka thabwa lonenepa mpaka mamilimita 77 sowo ikaima chilili, ndi mamilimita 55 ikapendekeka madigiri 45, zimene n'zokwanira pa mipando ndi zitseko. Koma amene ntchito yake ndi kung'amba mitanda ya mlombwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo afunika makina olemera a tebulo lachitsulo ndi mota ya lamba, mwinanso a magetsi a m'mafakitale otchedwa three phase. Pa mitengo yolimba ndimaika sowo ya mano 24 ndi kukankha modekha, ndipo ya mano ambiri ndimaisungira mabolodi ndi kudula mopingasa.

Pali chotetezera chimodzi chimene makinawa alibe, ndipo ndikanakhala ndi ndalama ndikanachifuna. Mu 1999 Steve Gass wa ku United States anatulukira njira yoimitsira sowo ikangokhudza khungu, ndipo kampani ya SawStop ya ku Oregon imapanga makina otero. Sowo imakhala ndi mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi, ndipo thupi la munthu likaikhudza mphamvuyo imasintha. Nthawi yomweyo chidutswa cha aluminiyamu chimalowa m'mano, sowo imaima pasanathe mamilisekondi 5 n'kumira kunsi kwa tebulo, munthu n'kutsala ndi kabala kakang'ono. Kampani imene ndi mwini wa Festool, yopanga zida ku Germany, inagula SawStop mu 2017, ndipo luso lomweli lili mu makina a Festool TKS 80. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri kwa shopu yaing'ono, ndipo chitetezocho chikagwira ntchito pamafunika kugula buleki yatsopano, kawirikawiri ndi sowo yomwe. Thabwa lonyowa kwambiri lingathenso kuchidzutsa, zimene n'zofunika kuziganizira kuno kumene matabwa ambiri timagula asanaume. Komabe kwa sukulu zophunzitsa ukalipentala, kumene manja osazolowera amagwira makina tsiku ndi tsiku, ndikuona kuti ndalama imeneyi n'njoyenera kuifunafuna.

Kwa mmisiri wa mipando, makabati ndi mafelemu amene ali ndi magetsi a m'nyumba a mavoti 230, DWE7492 ndi makina amene ndingamuuze kuti agule. Amakoka magetsi osafika maampu 10 akamagwira ntchito, choncho soketi wamba imakwanitsa, koma polizidwa mota imakoka ochuluka, ndipo jenereta yaing'ono imavutika nayo. Ngati mukuitanitsa kuchokera ku Johannesburg, onetsetsani kuti m'bokosi muli riving knife, chotchinga ndi kamtengo kokankhira, makamaka ngati makinawo ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa zimenezi n'zimene zimayamba kusowa. Bowo la pakati pa sowo yake ndi la mamilimita 30, ndipo ndi bwino kuitanitsa limodzi sowo yachiwiri ndi mabulashi a mota apadera, kuti tsiku limene oyambawo atha ntchito isaime milungu ingapo mukudikira katundu.