Kosi ya Chijapani ya oyamba kumene: nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za Sensei

Ndemangayi ndinayamba kuilemba ndisananyamuke, mtima uli m'mwamba, ndipo ndinali nditaika nyenyezi imodzi. Sindinaitumize. Pano ndabwerako ku Japan, ndiye ndiimalize. Zimene zinandikwiyitsa sindichotsa, chifukwa zinachitikadi.

Ndinalembetsa kosi ya pa Zoom ija ya K150,000 poti kuntchito anandisankha kukaphunzira za ulimi wothirira ku Tsukuba kwa masabata asanu ndi limodzi. Potsatsa analemba kuti maphunziro ndi 12, m'kalasi simupitirira anthu asanu ndi atatu, ndipo buku likhalapo. Tinaphunzira ka 9 kokha. M'kalasi tinalimo anthu oposa 20. Buku lake linali PDF yojambula ndi foni, masamba ena opendekeka, zilembo za Chijapani zotchedwa katakana zosaoneka n'komwe.

Koma amene anandipweteka mtima ndi bambo a ku ofesi yoyendetsa kosiyi. Ndisanalipire ankayankha uthenga pasanathe mphindi: "Mayi, malo atsala awiri okha, fulumirani." Ndalama zitangolowa, zii. Linki ankatumiza kalasi itayamba kale. Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7, ndiye 1 koloko masana kuno imakhala 8 koloko usiku kwa aphunzitsi, ndipo kawiri konse bambowa anasokoneza nthawiyi. Munthu wagula bandulo, wapempha chilolezo kwa abwana, wasiya nkhomaliro, wakhala pa kompyuta, kulibe aliyense. Nditafunsa anangoti, "Muzimvetsa mayi, ndi netiweki." Sabata yotsatira aphunzitsi eni ake anatiuza kuti iwonso anatidikira ola lathunthu, pa nthawi ina imene anauzidwa. Bodza limenelo mpaka lero limandiwawa kuposa ndalamazo.

Aphunzitsiwo tinkangowatchula kuti Sensei, kutanthauza mphunzitsi m'Chijapani. Ndi mayi wa ku Japan amene anagwirapo ntchito yodzipereka kuno, ndipo Chichewa amachiyesa ndithu. Tsiku loyamba anatilimbitsa mtima kuti lilime lathu ndi lokonzeka kale: a, i, u, e, o wawo amamveka pafupifupi ngati wathu, ndipo r wawo ali pakati pa l ndi r, monga ife sitilimbana pa "lero" ndi "rero". Anati sumimasen timutenge ngati zikomo wathu, mawu amodzi opempha njira, oitanira wogulitsa, opepesa, nthawi zina othokozanso. Anati -san ali ngati "a" amene timaika pa dzina la munthu pomulemekeza, ndiye monga sungadzitchule wekha kuti "ine ndine a Phiri", usadziike -san pa dzina lako. Anatichenjezanso za kukoka mawu: obasan ndi azakhali, obaasan ndi agogo, byouin ndi chipatala, biyouin ndi kokonzetsa tsitsi. Zimenezi zinkalowa m'mutu mosavuta chifukwa ankaziyerekeza ndi zathu.

Ngakhale iwonso ndinawakwiyira pa phunziro lachisanu ndi chiwiri. Ine ndinkafuna mawu ogulira zinthu ndi oitanitsira chakudya. Iwo anatha ola lonse akutibwerezetsa ziganizo zinayi zokha, mmodzimmodzi, anthu 20, ngati ana a sitandade 1. Wakarimasen, sindikumva. Mou ichido onegai shimasu, bwerezaninso chonde. Yukkuri onegai shimasu, pang'onopang'ono chonde. Ndi china chachitali: densha ni kaban o wasuremashita, ndaiwala chikwama m'sitima. Ndinazimitsa kamera n'kulembera mnzanga kuti ndalama zathu zikupita m'madzi. Ndani amakonzekera kuiwala chikwama?

Nditafika ku Japan, Lamlungu la sabata yachiwiri ndinapita ndekha ku Tokyo. Kuchokera ku Tsukuba kufika ku Akihabara ndi mphindi 45 pa sitima yothamanga. Ndinagula foni ya mwana wanga, kenako ndinakwera sitima ya njanji ya Yamanote kuti ndikaone Ueno, masiteshoni awiri okha. Munali modzadza, ndiye chikwama ndinachiika pa shelefu ya pamwamba monga ankachitira ena. Ndinatsika nditanyamula jumbo ya foni yokha. Zitseko zinatseka, sitima inanyamuka, ndipo ndili pa masitepe m'pamene phewa linandipepukira. M'chikwamamo munali pasipoti, kachikwama ka ndalama zonse zimene anatipatsa, ndi foni yanga imene munali pulogalamu yomasulira. Foni yatsopanoyo inali m'katoni, yopanda laini.

Miyendo inalefuka. Anthu ankangondidutsa ngati madzi, aliyense ndi zake. Ndinaona bambo wa yunifolomu pa kawindo ka pambali pa zipata zodulira matikiti. Ndinayamba ndi Chingerezi, iye anagwedeza dzanja mwaulemu, nkhope ikusonyeza kuti sakumva. Pamenepo chiganizo chija chinangotuluka chokha, ndi kamvekedwe ka Sensei komwe: "Sumimasen, densha ni kaban o wasuremashita." Nkhope ya bamboyo inasintha nthawi yomweyo. Anatenga pepala n'kuyamba kufunsa mothamanga, sindinatolepo kanthu. Ndinati, "Yukkuri onegai shimasu." Anachepetsadi liwiro, mawu amodziamodzi. Ndinamva iro, ndinakumbukira kuti ndi mtundu, ndinayankha kuro, chakuda. Ndinamva nanji, ndinaloza wotchi n'kulemba nthawi imene ndinatsika. Ndinawonjezera pasupooto, iye anagwedeza mutu n'kunyamula foni. Kawiri ndinamupempha mou ichido, ndipo kawiri konse anabwereza osatopa.

Ndinaima pamenepo mwina mphindi 25, ndikupemphera chamumtima, ndikuganiza kuti ndikawauza chiyani otiyang'anira, ndikabwerera bwanji kumudzi wopanda pasipoti. Foni ya bamboyo inalira. Anamvetsera, n'kundiyang'ana, n'kunena mawu amodzi: "Arimashita." Sitinaphunzirepo mawu amenewo, koma arimasu ndinkamudziwa kuti ndi "chilipo", ndipo kumwetulira kwake kunamaliza zotsalazo. Analemba papepala dzina la siteshoni kumene kunali chikwamacho, Ikebukuro, m'zilembo zathu, ndi nambala ya pulatifomu. Yamanote imayenda mozungulira mzinda, ndiye ndinangokwera yolowera komweko. Kumeneko anandifunsa zimene zinali m'katimo, anayerekeza nkhope yanga ndi ya pa pasipoti, ndinasaina, anandipatsa. Ndalama zonse zinali momwemo, osasowapo ngakhale yen imodzi. Ndinawerama n'kuthokoza kuti arigatou gozaimashita mwina kasanu, misozi ili mbwembwembwe.

Usiku womwewo ndinawalembera Sensei. Anayankha kuti amalimbikira mawu a pamavuto chifukwa moni munthu amatolera yekha akafika, koma mantha akakugwira umangokumbukira chokhacho chimene pakamwa panazolowera. Ndinachita manyazi ndi kamera ndinazimitsa ija, ndipo ndinawapepesa. Iwo sankadziwa n'komwe.

Izi sizikutanthauza kuti kosiyi ndi yokwanira. Maphunziro atatu amene anatidyera aja ndi amene anali a kugula zinthu, chakudya ndi manambala akuluakulu, ndipo kusowa kwake ndinakumva tsiku lililonse. M'masitolo ang'onoang'ono aja amati konbini, monga Lawson ndi FamilyMart, wogulitsa amakufunsa ngati ukufuna jumbo, poti kuyambira 2020 majumbo amagulitsa, amakufunsanso ngati akutenthetsere chakudya. Masiku oyamba ndinkangovomera zonse. Mnzanga wina wa m'kalasi la ulimi ndiye anandiphunzitsa kuti daijoubu desu imagwiranso ntchito pokana mwaulemu, ndiponso kuti irasshaimase amene amakukuwira polowa sayankhidwa. Ndalama amawerenga m'magulu a 10,000, amati man, ndiye ichiman en ndi 10,000 yen. Munthu wozolowera masauzande mutu umaima. Sayonara wotsanzikira uja, amene ali pa tsamba loyamba la PDF ija, sindinamumve kawirikawiri. Kumalo ophunzirira aliyense poweruka ankati otsukaresama deshita. Hiragana, mtundu wina wa zilembo zawo, ili ndi zilembo 46, katakana 46, ndipo tinangofika pakati pa hiragana. Katakana ndiye ikanandithandiza kwambiri pa mapaketi a zakudya, chifukwa mawu obwereka amalembedwa m'menemo.

Ndiye kwa amene mukufunsa ngati mulembetse: ngati ulendo wanu uli pafupi ndipo mukufuna pakamwa pamasuke, Sensei ndi mphunzitsi weniweni, wodekha, wodziwa kumene munthu wa kuno amapunthwa. Funsani kaye ngati akadali iwowo amene akuphunzitsa. Musalipire zonse kamodzi, ndipo chiwerengero cha maphunziro ndi nthawi zake akulembereni pa uthenga musanatumize kobiri. Nthawiyo muziitsimikiza ndi aphunzitsi eni ake, osati ku ofesi.

Ndaika nyenyezi zitatu. Ndikanaika zinayi akanandibwezera ndalama za maphunziro atatu aja, K37,500, kapena kungondilola kulowa m'gulu lotsatira kuti ndimalize. Ndapempha zonse ziwiri. Bambo a ku ofesi aja ndawalembera katatu chibwerereni, mauthenga akuwerenga, ndipo sanayankhebe.