Nyimbo ya Solomo 5:2-7: mzimu wodzikuza kapena kunyada kwa chikondi?

Mwamuna akugogoda usiku, mutu uli chinyowere ndi mame. Mkazi akuti wavula kale malaya, wasambanso mapazi. Pomwe akutsegula, mnzakeyo wapita.

Omasulira mwauzimu, otsata njira ya Origen, mphunzitsi wakale wachikhristu, amaona mzimu wodzikuza, wosafuna kudetsa mapazi chifukwa cha Mulungu. Njirayi imafotokoza bwino chisoni chotsatirapo, koma imasochera ikayamba kufinya tanthauzo pa kanthu kalikonse, ngakhale mpiringidzo wa chitseko. Mpake kuti Bernard wa ku Clairvaux, mmonke amene ankalalikira bukuli mwa njirayi, anafika maulaliki 86 ali poyambirira penipeni pa mutu 3.

Oiwerenga ngati ndakatulo yachikondi amati uku n'kunyada chabe, kukana pakamwa mtima ukufuna, ndipo vesi 4, yonena kuti mtima wa mkaziyo unalakalaka mwamunayo, ikuwavomereza. Pamawavuta ndi pa vesi 7, pomwe mkaziyo watuluka kukafunafuna mnzakeyo mumzinda: alonda akumenyeranji mkazi wongochedwa kutsegula?