Screen print yatsopano kapena locandina yakale: wokonda giallo ayambire pati?

Munthu akakopeka ndi mafilimu a giallo, aja a ku Italy a chigawenga chovala magolovesi akuda chimene nkhope yake imabisika mpaka kumapeto, sipatenga nthawi kuti ayambe kufuna kanthu kopachika pakhoma. Apa m'pamene msika umagawikana pawiri. Mbali ina kuli ma screen print amakono, osindikizidwa ochepa, lililonse ndi nambala yake ya pensulo m'munsi. Mbali inayo kuli mapositala enieni, monga aja aatali opyapyala otchedwa locandina, amene ankapachikidwa pa nyumba za kanema ku Rome ndi ku Milan kuyambira 1963, pamene Mario Bava anatulutsa La ragazza che sapeva troppo, kudzafika m'zaka za m'ma 1980. Ine ndimati woyamba kumene ayambire pa akalewo, koma atsopanowa ali ndi pamene amapambana ndithu, ndipo ndiyambira pomwepo.

Screen print imasindikizidwa mmene amasindikizira matisheti a kwaya: nsalu ya timabowo ting'onoting'ono amaikunga pa felemu, inki n'kuikankha ndi labala kuti idutse pamalo otseguka pokha. Mtundu uliwonse uli ndi felemu yakeyake, choncho positala ya mitundu 8 imadindidwa ka 8, inki ina ikauma ina n'kubwera pamwamba pake. Inkiyo imakhala pamwamba pa pepala lochindikala moti mungaimve ndi chala. Pa giallo imeneyi si nkhani yaing'ono, chifukwa mafilimuwa moyo wawo uli pa mitundu. Amene anaonera Sei donne per l'assassino ya Bava ya 1964 akudziwa mmene kufiira kumalamulira chithunzi chilichonse. Inki yofiira yosakanizidwa payokha n'kupakidwa yokhathamira imawala kuposa kufiira kwa mapositala akale, kumene kunkapangidwa ndi timadontho ta mitundu inayi pa makina a offset. Onjezanipo inki ya golide, ya siliva, ndi ina yowala mumdima, zimene osindikiza a 1971 sakanawonongera ndalama pa pepala lokamatidwa pakhoma sabata ziwiri.

Chitsanzo chabwino ndi ntchito ya Malleus, gulu la ojambula la ku Tortona kumpoto kwa Italy, limene ena mwa anthu ake amaimbanso mu bandi ya Ufomammut. Iwo anajambula mndandanda wa mapositala a mafilimu a Dario Argento, katswiri wotchuka wopanga giallo, mogwirizana ndi Dark City Gallery ya ku Britain: akazi a tsitsi lopotanapotana, mizere yokhotakhota ya kalembedwe ka art nouveau, mitundu yochepa koma yolemera. Ukaiona pafupi umavomereza kuti ndalama yako inapita pa luso.

Vuto lili pa kagulidwe. Makampani ngati Mondo ya ku Austin ku Texas, Bottleneck Gallery ya ku Brooklyn ndi Vice Press ya ku Sheffield amatulutsa mazana ochepa chabe, kawirikawiri a muyezo wa masentimita 61 ndi 91, ndipo yotchuka imatha pa mphindi zowerengeka. Ukakhala ku Lilongwe kapena ku Johannesburg nthawi imene amayamba kugulitsa siivuta, poti masana a ku Texas kuno ndi madzulo, koma netiweki ikangozengereza pang'ono kapena khadi la ku banki likakana, wagwa nayo. Mawa lake positala yomweyo ili pa eBay, msika wa pa intaneti, pamtengo wowirikiza, m'manja mwa anthu amene anaigula n'cholinga choti akugulitse iweyo. Musanawapatse ndalama, onani kaye pa webusaiti ya Expresso Beans, pamene osonkhanitsa amasunga mbiri ya mitengo imene chinthu chinagulidwapo. Zambiri zimakwera sabata yoyamba kenako n'kutsika anthu akatengeka ndi china.

Ndiye pali nkhani ya nambala. Kuona 45/150 (positala ya nambala 45 mwa 150 osindikizidwa) pakona kumasangalatsa mtima, koma dziwani kuti pambali pa 150 amenewo nthawi zambiri pamakhala variant, chithunzi chomwecho cha mitundu ina, komanso ma AP, amene wojambula amapatsidwa kuti agulitse yekha. Kuchepako n'kochita kupanga. Positala yakale ilibe nambala, ndipo inasindikizidwa yambirimbiri, koma yambiri inang'ambika, inanyowa kapena inamatidwa ina pamwamba pake. Palibe amene angakuuzeni kuti yatsala ingati, ndipo kuchepa kwake palibe anakukonza.

Akalewo ali m'miyezo ingapo. Locandina ndi yaitali yopyapyala, pafupifupi masentimita 33 ndi 70, yokhala ndi malo oyera pamwamba polembapo dzina la nyumba ya kanema ndi tsiku. Fotobusta imakhala ya zithunzi za mufilimu momwemo, cha m'ma 50 ndi 70, ndipo inkatuluka m'magulu. Due fogli ndi 100 ndi 140, pamene quattro fogli ndi 140 ndi 200, yosindikizidwa pa mapepala awiri. Yomalizayi musaigule musanayeze khoma ndi kufunsa mtengo wa felemu, chifukwa felemu yake itha kudya ndalama kuposa positalayo. Ojambula mapositala akalewa sanali anthu wamba. Sandro Symeoni ndiye anajambula ya Profondo rosso ya 1975, Enzo Sciotti anajambula ya Phenomena ya 1985, ndipo Renato Casaro wa ku Treviso anafika pojambulira mafilimu akuluakulu a ku Hollywood. Ankajambula ndi burashi, mofulumira, ntchito yawo ili yoti woyenda pamsewu aime agule tikiti.

Cholinga chimenechi chimasiyanitsa zithunzi za mbali ziwirizi kuposa inki. Positala yakale inkalankhula ndi munthu amene sanaonere filimuyo, ndiye imaopseza, imanyengerera, nthawi zina imanama n'kuika zinthu zimene mufilimumo mulibe. Yatsopano imajambulidwa ndi munthu amene anaionera kambirimbiri, kujambulira anzake oidziwa, choncho imadzaza ndi tizizindikiro: kachidole, galasi la pakhoma, mkanda. Ena amakonda zimenezo. Ine zimanditopetsa zikachuluka, ndipo pa filimu imene kukoma kwake konse kuli pa kusadziwa wakupha, pali ma print ena amene amaulula chinsinsi kwa mlendo asanakhale n'komwe pampando.

Pamene akale amapambana kwambiri ndi pa kuchuluka kwa mafilimu. Screen print yovomerezeka imafuna chilolezo kwa eni filimu, komanso ogula okwanira kumaliza mazana aja, ndiye makampani amangozungulira pa mayina omwewo: Profondo rosso, Tenebre, L'uccello dalle piume di cristallo, ndi Suspiria (imene, tinene zoona, ndi ya mfiti, ndipo ambiri saiwerengera n'komwe ngati giallo). Mukafuna Cosa avete fatto a Solange? ya Massimo Dallamano ya 1972, La casa dalle finestre che ridono ya Pupi Avati ya 1976, kapena mafilimu a Sergio Martino amene munali Edwige Fenech, mudikira mpaka kalekale. Koma pafupifupi filimu iliyonse imene inaonetsedwa ku Italy inali ndi locandina yake, ndipo za mafilimu osatchuka kwambiri kawirikawiri zimatsika mtengo kuposa print yatsopano yogula kwa wogulitsa wachiwiri. Za Argento ndi Bava zoyambirira ndiye ayi, zimenezo n'zodula.

Ngozi ya akale ndi feki. Funsani wogulitsa chithunzi cha m'mphepete mwa m'munsi, pamene pamalembedwa dzina la osindikiza, monga Rotograph ya ku Rome, ndipo nthawi zambiri mawu akuti prima edizione italiana ndi chaka. Filimu ikabwerezedwa patapita zaka ankasindikiza positala ina, imene ndi yeniyeni koma yotsika mtengo. Pepala likhale lopyapyala, ndipo pa galasi lokulitsa timadontho tioneke tondondozana bwino, osati tomwazika ngati ta pulinta ya mu ofesi. Sitampa ya msonkho kapena chidindo cha khonsolo pa locandina si chilema, ndi umboni woti inapachikidwadi. Ku mbali ya atsopano chinyengo chofala n'kugulitsa giclée, imene ndi inkjet yapamwamba, ngati kuti ndi screen print. Giclée si yoipa, kungoti isalipiridwe mtengo wa inzake.

Pomaliza, ulendo ndi kasungidwe. Screen print imabwera yokulungidwa mu chubu, ndipo osonkhanitsa sakhululukira kakhwinya ngakhale kamodzi: chubu chikaphwanyika panjira, mtengo wagwa. Positala yakale inapindidwa kale kuchokera kwa osindikiza, mizere yake ndi yovomerezeka, ndipo imayenda yafulati mu envulopu ya katoni, yotchipa kutumiza komanso yosavuta kumupatsira m'bale wochokera ku London. Koma pepala lake lopyapyala limaopa chinyontho cha m'dzinja, limachita nkhungu ndi mawanga msanga, ndipo yaikulu imafuna kumatidwa pa nsalu ndi katswiri, ntchito imene amaitcha linen backing. Zonse ziwiri zimafwifwa padzuwa, makamaka inki yofiira. Locandina imakwana mu felemu imene kalipentala aliyense angakukhomereni. Ingomuuzani aike kakatoni kopanda asidi m'mbali kuti pepala lisagunde galasi, ndipo asayerekeze kuthira guluu.