Kupala khosi la chigoba cha chipolopolo: kunja kapena mkati?

Amene amadzazanso zigoba za zipolopolo kuti aziwomba molunjika amadziwa kuti khosi la chigoba, mbali yopapatiza yakumapeto imene imagwira chipolopolo, silikhala lofanana mbali zonse. Mkuwa wake umakhala wochindikala pafupifupi mainchi 0.012 mpaka 0.015, koma mbali ina ikanenepa kuposa inzake, chipolopolo chimakhala mopendekeka chisanatuluke n'komwe.

Kupala kunja ndiye njira imene ine ndimaikhulupirira. Khosi limavekedwa pa kachitsulo kotchedwa mandrel, kenako mpeni umazungulira kunja n'kumadya pamene pali ponenepa pokha. Popeza mtunda wa pakati pa mpeni ndi kachitsuloko susintha, khosi lonse limatuluka lofanana. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo ukalowetsa mpeni kwambiri paphewa, pamene khosi limalumikizana ndi thupi la chigoba, khosi likhoza kudzaduka pakuwomba.

Kupala mkati ndi reamer, chida chimene chimalowa m'bowo la khosi n'kumazungulira, n'kwachangu, koma chidacho chimangotsata bowo lomwe lilipo kale. Khosi limapyapyala ndithu, kupendekeka kuja n'kutsalabe. Pamene chimathandiza zedi ndi pochotsa kamphete ka mkuwa kamene kamamera mkati, pokumana khosi ndi phewa, chigoba chikadzazidwa kambirimbiri.

Poyeza, caliper (choyezera cha milomo iwiri yopanira chinthu) isakupusitseni: milomo yake ndi yafulati pomwe khosi ndi lozungulira. Yoyenera ndi ball micrometer, choyezera cha nsonga yobulungira yolowa mkati mwa khosi, imene imawerenga mpaka 0.0001 ya inchi. Yezani malo anayi kuzungulira khosi, ndipo kusiyana kukapanda kufika 0.001, mfuti wamba yosakira nyama sifunanso kuti mupale chilichonse.